Tiyi Amene Ndinaphikira Mwendo wa Mai Esinati

Ana anga, za ubwana wanga ndizisiya. Munazimva kale mpaka kutopa nazo, ndipo mulibe chilichonse choti munthu n'kuonongerapo inki. Ndiyambira pomwe dzina langa linalowa m'gulu la anthu a ntchito yokhazikika. Mutu uno ndaulemba katatu n'kumaung'amba, chifukwa nkhani yake ngakhale ine mwiniwake sindinaimvetse mpaka lero. Inu ophunzira mukaimvetsa mudzandiuze ndisanafe.

1994: Chipinda cholawira tiyi

Chaka chomwe dziko linasintha boma, n'kuti ndili ndi zaka makumi anayi ndi zinayi, ndipo theka la zakazo ndinali wa sizoni pa esiteti. Mvula ikagwa ankandilemba, ikatha ankandibweza kwathu ku Khonjeni kukalimbana ndi nandolo ndi chinangwa. Tsiku lina kapitawo wa ku fakitale anandipeza ndikuwerengera mnzanga kalata. Anandifunsa ngati ndimadziwanso kuona wotchi. Ndinati eya. Lolemba lake ndinapezeka ndavala jasi yoyera m'chipinda cholawira tiyi, pansi pa a Chikaonda, mkulu wopanga tiyi, munthu wa ku Ntcheu wamfupi ndi waukali ngati tsabola wa kambuzi.

Ntchito yanga inali yooneka yachibwana. Ndinkandandalika makapu oyera pa tebulo lalitali, kuyeza tiyi wa sampulo iliyonse pa kasikelo, kuthira madzi owira, kuvundikira, n'kudikira mphindi zisanu ndi imodzi. Belu la wotchi likati ngrii, ndinkatsanula msangamsanga. Kenako a Chikaonda ankabwera ndi sipuni yawo, kupsontha mwaphokoso, kuzunguza m'kamwa, n'kulavula m'chitini. Pa kulavula kumeneko ankadziwa munda umene tiyiyo wachokera, ndiponso ngati woyang'anira moto woumitsira anasinza.

Sabata yanga yachiwiri belu linalira ndili panja, ndipo ndinatsanula mochedwa ndi mphindi ziwiri zokha. Ndinati sadziwa. Anangolawa kapu yoyamba n'kuika sipuni pansi.

"A Mulipa, uyu ndi tiyi kapena mankhwala a njoka za m'mimba?"

"Pepani bwana, ndinangotuluka pang'ono."

"Pang'ono! Mzimayi wanyowa ndi mame kuyambira m'mawa kutchola masamba awiri ndi nsonga, ife tafotetsa, tadula, taumitsa, inu n'kudzapha zonsezo ndi pang'ono wanuyo? Tiyi akapitirira sikisi minitsi wafa. Mwamva? Wafa!"

Ndinamva, ndipo zinandilowa mpaka m'mafupa. Amayi anu angachitire umboni mmene ndinkawavutitsira kunyumba akasiya ketulo ikubwata ndi masamba. A Chikaonda anandiphunzitsanso magiredi. Giredi yoyamba inkapita kumsika wa okushoni ku Limbe n'kuwoloka nyanja, ndipo otchola ankangoimva fungo podutsa pa fakitale. Pansi penipeni panali zosesa, fumbi ndi timitengo totsalira pansi pa makina, zomwe ngakhale ife sitinkazitcha tiyi. Lamulo linali limodzi ndipo aliyense ankalidziwa: ukapezeka pa geti ndi tiyi wa giredi, ngakhale wodzaza chikhatho, ntchito yatha tsiku lomwelo. Ndinakhala m'chipindamo zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndinali wonyada kuposa mmene zinkafunikira.

2001: Kuseri kwa kiliniki

M'mawa wina a Chikaonda anandiuza, nkhope ili yokwinya, kuti akuluakulu a ku ofesi andibwereketsa kwa mlendo. "Akufuna munthu wodziwa sikelo ndi wotchi. Pitani, koma musakatichititse manyazi."

Mlendoyo anali mayi wa ku Rumphi, Dokotala Nyasulu, wamtali, woyankhula Chichewa chodumphadumpha cha anthu a kumpoto. Kusokonezeka kwanga kunayamba tsiku lomwelo. Ndinamuuza za bondo langa lomwe linkandivuta, iye n'kuseka.

"Ine sindine dokotala wa jakisoni, a Mulipa. Wa jakisoni ndi a Bwanali," anatero akuloza mkulu wa kiliniki yathu. "Ine ndine wa mabotolo."

Anapatsidwa kachipinda kuseri kwa kiliniki komwe kale ankasungiramo matsache. M'menemo anaikamo tebulo, mbaula ya gasi, poto wotsekeka wophera tizilombo ndi nthunzi, ndi filiji yakale ya palafini chifukwa magetsi athu ankabwera ngati mlendo. M'filijimo munali mabotolo anayi a ufa woyera umene anabwera nawo kuchokera kunja komwe anaphunzira. Ankawasamala kuposa mmene ndinkakusamalirani inu muli makanda.

Anandifotokozera kangapo kuti ufawo ndi chiyani, ndipo ndilemba monga ndinamvera. Anati ndi puloteni, mbale wake wa choyera cha dzira ndi ulusi wa kangaude. Anati sunachokere ku nyama kapena ku mtengo, koma kuti anthu anatenga tizilombo tosaoneka ndi maso, n'kutisintha malangizo a m'thupi mwake kuti tizipanga ulusi wautali wa mtundu umene iwo akufuna. Ndinafunsa ngati tizilomboto timalipidwa ovataimu. Anaseka mpaka kugwetsa misozi, koma ine pansi pa nthabwalayo mutu unali utaima. Tizilombo timene a Bwanali akulimbana nato kutsogolo kwa nyumbayi, kuseri kuno ndi antchito anzathu?

Ufawo tinkausungunula m'madzi, kuuthira m'timbale tagalasi, n'kuusiya uume. Umatuluka kachikopa kopyapyala koonekera ngati khungu la anyezi. Maganizo a adokotala anali oti kachikopako kaziikidwa pa zilonda za m'miyendo zosapola, zija zimavuta otchola tiyi. Munthu wabayidwa ndi chitsa cha tiyi wodulira, tsiku lililonse akuyenda m'mame, kabala kakang'ono kamasanduka dzenje. Bandeji wamba imamatirira, ndipo poimatula imachotsa ndi mnofu watsopano womwe. Kachikopa kathu kanayenera kukhala pamenepo mwakachetechete kuti thupi limange pansi pake.

Vuto linali lakuti kakangokhudza chinyezi kankasungunuka n'kukhala ngati mamina. Kankafunika kukhwimitsa.

"Ulusiwu panopa uli pawokhapawokha," anatero adokotala. "Tikufuna chinthu choti chiumange mfundo, uwu ndi uwu, monga mmene amasokera bango kuti likhale mphasa. Kunja amagwiritsa mankhwala odula, oopsanso. Koma inu kuno muli ndi chinthu chomwe mumangochisesa pansi. Mukamwa tiyi wowiritsa kwambiri, lilime limatani?"

"Limamata, madamu, ngati wadya nthochi yosapsa."

"Chomata lilimecho ndicho ndabwerera ku Thyolo kuno. Chimagwira puloteni n'kuimanga. N'chimodzimodzi ndi kufufuta chikopa."

Kenako anandipatsa pepala la kaphikidwe, ndipo nditaliwerenga ndinaona ngati andinyoza. Zosesa za pansi pa makina, kuziwiritsa ola lathunthu. Ola! Ndinaima pa mbaula paja ndikuyang'ana madzi akuda bii akubwata, fungo lake lili ngati la m'dambo, ndipo ndinkamva mawu a Chikaonda m'khutu. Zikopa zikanyikidwa m'msuzi umenewo zinkatuluka zofiirira, zolimba, zosasungunukanso. Adokotala ankazikoka ndi kachipangizo, kuziyeza, kulemba. Ine ndinkachita zonse molondola, koma mumtima ndinkati tikupha tiyi ndiponso tikuphika zinyalala.

2002: Kudikira

Chaka cha njala chija sitinaike kachikopa pa munthu aliyense. Ndinkadabwa. Pa khonde la kiliniki anthu a zilonda ali mbwee, gozi womangira zilonda watha, a Bwanali akuchapa mabandeji akale n'kumawayanika pa waya, ife kuseri tili ndi zikopa zodzaza mabokosi. Adokotala anati sizingatheke popanda chilolezo cha komiti ya akuluakulu a zaumoyo, yomwe imaunika chinthu chilichonse chatsopano chisanakhudze thupi la munthu. Mapepala ankapita n'kubwerera ndi mafunso, kupitanso n'kubwereranso. Palafini wa filiji atasowa ndinkapalasa njinga mpaka ku Luchenza ndi chigubu. Ndinafunsa kuti kodi akomitiwo anayamba aonapo chilonda cha munthu wotchola tiyi. Adokotala anayankha kuti malamulowo anabwera chifukwa kale anthu osauka ankayeseredwa zinthu ngati mbewa. Ndinavomera ndi mutu, ngakhale sindinaone kuti kudikira kukumuteteza bwanji munthu amene ntchentche zikumutsata.

2003: Mai Esinati

Chilolezo chinabwera mvula itatha, ndipo chinali cha kaphikidwe ka pa pepala lija, osasintha kanthu. Woyamba kuvomera anali mai Esinati a ku Thekerani, amene anatchola tiyi pa esiteti yathu zaka zoposa makumi awiri. Chilonda chawo chinali pamwamba pa kakolo wa kumanzere, chachikulu ngati chikhatho changa, ndipo chinali chitatha zaka zitatu. Ku chipatala cha ku boma anawauza kuti abwererenso pakatha miyezi itatu, ndipo chikapanda kusintha mwendo udzadulidwa pansi pa bondo. Anali mayi wa pakamwa. Adokotala atawawerengera pepala lonse la chilolezo, iwo anati:

"Mwatha? Bweretsani inkiyo ndidinde. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma mundiuze zoona, achimwene, inu ndinu wakwathu. Chinthuchi mwapangira chani?"

"Tiyi, mayi," ndinatero.

"Tiyi! Ndiye wandilumayo ndi yemweyo andipoze? Chabwino, tione manyazi ake."

Sindinawauze kuti ndi zosesa. Manyazi anandigwira.

Esiteti inawapatsa bedi m'kiliniki ndi chakudya, ndipo a Bwanali ankasintha kachikopa masiku atatu aliwonse. Pofuna kudziwa ngati chilonda chikuchepa, ankaika pulasitiki woonekera pamwamba n'kujambula m'mphepete mwake ndi cholembera. Masabata atatu oyamba fungo linatha, koma chojambulacho sichinasinthe. Mai Esinati ankadandaula kuti kachikopako kakauma kamalimba ngati chikopa cha ng'oma, n'kumawacheka m'mbali akatembenuka.

Ndiye kunabwera uthenga woti bambo awo a adokotala amwalira ku Rumphi, mayi awonso ali gone. Ananyamuka tsiku lomwelo. Zikopa zatsopano zinali zitatsala zochepa. "Mwapanga nane kambirimbiri, a Mulipa," anatero ali kale m'galimoto. "Pepala lili pakhoma. Ndikudalira inu."

Tsiku lophika ndinapita ku fakitale ndi ndowa kukatenga zosesa monga mwa nthawi zonse. Ndinapeza wosesa akukankha fumbi ndi tsache, pomwe anthu aponda ndi majombo tsiku lonse. Ndinaima pamenepo ndowa ili m'manja. Kwathu wodwala sapatsidwa makombo. Ngakhale m'nyumba mutakhala nkhuku imodzi, imaphedwera wodwala. Mayi amene watchola masamba awiri ndi nsonga mpaka mwendo kuola, osalawapo giredi yoyamba ngakhale kamodzi, ife tizimumata zinyalala za pansi pa bala lake? Ndinkadziwa kuti zonse zimadutsa m'poto wa nthunzi, koma mtima sunkamva zimenezo. Ndinaganizanso kuti adokotala, pokhala mlendo wa kumpoto, amasankha zosesa chifukwa chosadziwa tiyi ndiponso poopa kuvutitsa esiteti. Za mabotolo ndi zawo, koma za tiyi, wodziwa ndine. Safunsa anadya phula, koma ndikanafunsa ndani, foni ya ku Rumphi ndinalibe.

Ndinalowa m'chipinda cholawira a Chikaonda ali ku nkhomaliro, ndinatapa tiyi wa giredi yoyamba m'chitini cha masampulo, n'kumubisa pansi pa zosesa m'ndowa. Mlonda wa pa geti anangosuzumira n'kutsina mphuno. Kuseri kwa kiliniki ndinayeza kulemera komwe kunali pa pepala, ndinathira madzi owira, ndinavundikira, ndipo pa mphindi zisanu ndi imodzi ndinatsanula. Msuzi wake unali wowala ngati mkuwa. Kwa nthawi yoyamba m'zaka ziwiri kachipinda kaja kananunkhira bwino, ndipo ndinamva ngati ndachita chinthu cholungama.

Zikopa zinatuluka zotuwa, zofewa, zotamuka. Ndinachita mantha kuti zisungunuka, koma nditaviika kamodzi m'madzi kanagwira. A Bwanali sanafunse kanthu, iwo ntchito yawo inali kumata.

"Aka ndiye kabwino," anatero mai Esinati tsiku loyamba. "Kakugona ngati kamwana."

Patatha sabata, pansi pa chilonda panayamba kutuluka mnofu wofiira. Patatha masabata anayi, chojambula chatsopano chinkalowa m'kati mwa chakale n'kutsala malo a chala mbali zonse. Mai Esinati anayamba kuimba nyimbo za m'munda pabedi ndi kunyoza a Bwanali kuti sadziwa kukwatira. Ine ndinkayenda ngati mfumu.

Adokotala atabwera anayang'ana mapulasitikiwo n'kukhala pansi, manja ali pakamwa. "Zikutheka, a Mulipa! Zimangofuna nthawi." Zikopa zanga zinali zitatha dzulo lake, choncho sanazione. Anavala jasi, natenga zosesa, naziwiritsa ola lathunthu, ine ndikuwagwirira sefa. Ndinadziuza kuti mwina akunena zoona, mwina zimangofuna nthawi ndipo tiyi wanga sanachite kanthu.

Masabata awiri otsatira chilonda chinaima. M'mbali munayamba kutuluka magazi pomwe kachikopa kolimba kankacheka. Adokotala ankatembenuza mabuku awo, kuyeza madzi, kukayikira filiji, kukayikira palafini, kukayikira a Bwanali. Mai Esinati anasiya kuimba. Tsiku la ku boma linali litatsala masabata atatu.

"Achimwene," anandiitana ndikudutsa, "kofewa kaja kanapita kuti?"

Ndinagwira njakata. Ndikaulula, ndaulula kuba tiyi, ndipo inu nonse munali pasukulu. Ndikakhala chete, mwendo upita. Ndinatha masiku awiri chakudya chisakulowa. Tsiku lachitatu m'mawa ndinatseka chitseko cha kachipinda n'kuwauza adokotala zonse. M'mutu mwanga nkhani inali yophweka: andikalipira, mwina andichotsa, koma madzulo omwewo tiphika tiyi wa mphindi zisanu ndi imodzi.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangovula magalasi.

"Masabata anayi onse aja?"

"Eya, madamu."

"Munalemba penapake? Kutentha kwa madzi, tiyi wa munda uti, wa tsiku liti?"

"Ayi. Koma ndi giredi yoyamba yeniyeni, ndipo nthawi sindinaphonye. Tingopanganso, mwaona nokha kuti zinathandiza."

"Ndaona chiyani, a Mulipa? Mwina mfundo zochepa n'zimene zimafunika, ndipo ine ndinkamanga mopitirira. Mwina tiyi wabwino ali ndi china chimene zosesa zilibe. Mwinanso mayiwa anayamba kupola chifukwa agona mwezi ndi theka osaima m'mame, akudya katatu. Sindikudziwa. Inunso simukudziwa. Chomwe ndikudziwa n'chakuti taika pa thupi la munthu chinthu chimene sichinayesedwe, chimene komiti sinaloleze, chimene mwiniwake sanadindire. Chikanawaoletsa mwendo bwenzi tikunena chiyani?"

"Koma sichinaoletse."

"Mwezi umodzi, munthu m'modzi. Ndiyenera kulemba lipoti lero. Ndipo mpaka atayankha, sitiikanso kalikonse, kanga kapena kanu."

Ndinaulula kuti ndipulumutse mwendo, ndipo kuulula kwangako n'kumene kunaimitsa zonse. Ndikanakhala chete n'kumasinthanitsa zikopa mobisa, palibe akanadziwa. Mpaka lero ndikaifika pamenepa nkhaniyi ndimaima n'kuyambiranso, ngati munthu wosochera m'munda wa tiyi kuli nkhungu, mizere yonse yofanana.

Musawaone adokotalawo ngati munthu wouma mtima. Iwo eni anakagwada pa bedi la mai Esinati n'kuwafotokozera zonse, akulira. Anapita ku Blantyre, anapita ku Lilongwe, kukapempha kuti komiti ikhale mwamsanga ilole kachikopa kofewa. Anauzidwa kuti kayambe kayesedwa m'labu, ndipo zimenezo ndi miyezi. Pa ulendo wa ku Lilongwewo anandisiyira fungulo la kachipinda kuti ndizithira palafini m'filiji. Anandiyang'ana m'maso pondipatsa. Sindikudziwa ngati kunali kundikhulupirira, kundiyesa, kapena kundipempha chinthu chimene pakamwa pawo sipakanatha kunena. Funso limenelinso ndili nalobe.

Masana a tsiku lomwelo mai Esinati anandikodola. A Bwanali anali atabwerera ku gozi wamba, ndipo pomatula m'mawa umenewo mayiwo analuma chitenje.

"Khalani apa, achimwene. Ufa uja ulipo?"

"Ulipo."

"Kaphikidwe mukukadziwa. Ngati ndi tiyi, mwana wanga akagula wa m'paketi pa golosale, simubanso. Ine ndidinda chala paliponse mufuna. Mwendowu ndi wa komiti kapena wanga?"

"Ndi wanu, mayi."

"Ndiye mukudikira chani? Poyamba paja munapanga osandifunsa. Lero ndikukupemphani ndi pakamwa panga, mukuti bwanji?"

Ndinapita kuseri, ndinatsekula filiji, ndinagwira botolo m'manja. Linali lozizira. Poyamba paja ndinachita chifukwa ndinkadziona wodziwa. Tsopano ndinali nditamva ndi makutu anga kuti ngakhale mwini mabotolo sakudziwa, ndipo ndinaopa kuti china chikachitika sipadzakhala mwendo wokha, padzakhala maliro. Ndinaopanso, ndisabise, za ine mwini ndi za inu. Mantha awiriwo anasakanikirana moti sindingathe kukuuzani kuti wamkulu anali uti. Ndinabwezera botolo, ndinathira palafini, ndinakhoma, n'kukapereka fungulo kwa a Bwanali. Pobwerera ndinazungulira kuseri kwa matanki a madzi kuti ndisadutse pa windo la mai Esinati.

Tsiku lawo litakwana galimoto ya esiteti inawatengera ku boma. Mwendo unadulidwa sabata yomweyo.

2004 mpaka 2009: Pa sikelo

Sanandichotse ntchito. Adokotala anakaima pamaso pa manijala n'kunena kuti mlanduwo ndi wawo chifukwa anasiya munthu yekha. A Chikaonda, amene ndinkati andidya wamoyo, anangofunsa funso limodzi: "Munatsanula pa sikisi minitsi?" Nditavomera anapukusa mutu n'kutuluka. Akuluakulu a ku ofesi anandivula jasi yoyera n'kunditumiza ku shedi ya kumunda, kukayeza madengu a otchola. Ndinakhala kumeneko mpaka kupuma, ndikuyang'ana miyendo ya azimayi yokulungidwa m'mapepala a pulasitiki ikubwera pa mzere.

Ufa utatha, ntchito ya adokotala inathera pomwepo ndipo anabwerera kunja. Patapita zaka ziwiri ananditumizira kalata. Anati anayesa njira zonse ziwiri m'labu yaikulu. Kachikopa kofewa kanapambana pa zina, kolimba kanapambana pa zina, ndipo kofewa kankalola tizilombo tina kudutsa. Anati funso la mai Esinati silingayankhidwe ndi munthu aliyense. Ndinawerenga kalatayo kasanu kufunafuna mzere woti undimasule kapena undimange, koma munalibe.

Zaka zisanu ndi chimodzi sindinapite ku Thekerani. Ndinkati ndilibe nthawi, koma inu mukudziwa kuti Lamulungu ndinkangokhala pa khonde. Mwezi womwe ndinapuma ndinakwera lole n'kukafunsira. Ndinawapeza pa msika, atakhala pa chiguduli akugulitsa tomato, ndodo ziwiri zili pambali. Anandizindikira ndili patali, n'kundipatsa moni m'chinenero cha kwathu.

"Moseliwa, a ku labu! Mwakalamba bwanji! Ndimayesa munafa."

Ndinakhala pansi pa fumbi. Ndinangoti, "Mayi, ndabwera."

"Ndaona. Nanga ndithawa?" Anaseka, n'kuthamangitsa nkhuku pa tomato. Kenako anasiya kuseka. "Pali chimodzi ndimafuna ndikufunseni. Mukanapanga tsiku lija, ukanapola?"

"Sindikudziwa."

"Adokotala aja?"

"Analemba kalata. Nawonso sakudziwa."

"Akomiti?"

"Ayi, mayi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kunabwera wogula, anamusankhira tomato, namuikira basera, wogulayo n'kupita. Ndiye anakweza chitenje pang'ono n'kuloza pansi pa bondo, pomwe panalibe kanthu koma chiguduli.

"Chilonda chija chikadalipo, achimwene. Pompa, pamwamba pa kakolo. Kukachita mitambo chimayabwa koopsa. Paja amati chilonda chikamayabwa ndiye kuti chikupola." Anandiyang'ana, osakwiya, ngati munthu amene akufunadi kuthandizidwa. "Inu munagwira ntchito ndi anthu ophunzira. Tandiuzani, ndizikanda pati?"